Zala pa Khoma la a Ignasio

Aliyense wa kumunsi kwa njanji ya pa Mtakataka amene anakhoza Sitandade 8 m'zaka zimenezo, atati anene zoona, angakuuzeni kuti dziko lapansi analionera pa khoma la a Ignasio Kadzuwa. Koma ambiri sanena zoona. Amatchula masukulu akuluakulu amene anapitako pambuyo pake, ena mpaka amati nzeru anachita kubadwa nazo. Ine zimenezi zimandinyansa, n'chifukwa chake ndati ndilembe.

A Ignasio kwawo kunali ku Golomoti, koma anakwatira chikamwini kwa a Fainesi anaBanda, m'mudzi wa pakati pa milambe, ulendo wa theka la ola wapansi kuchoka pamsewu wa tala. Ntchito yawo yoyamba inali yolemba zikwangwani. Luso la burashi analitola ku Mua, kumene anaphunzira mpaka kupeza setifiketi ya Fomu 2, ndipo anachokako ndi buku limodzi la mamapu lopanda chikuto limene wansembe wina wokalamba anawasiyira. Mayina a magolosale, matiyirumu ndi mabwato ambiri a chigawo chimenecho analemba ndi iwowo. Zilembo zawo zinkaima chilili ngati asilikali.

Matipate itabwera, sukulu ya pulayimale inakhala yaulere, ndipo ana anatuluka m'midzi ngati ngumbi mvula itagwa. Aphunzitsi anachepa. Aliyense wokhala ndi kapepala ka sukulu anaitanidwa, n'kuphunzitsidwa masabata angapo, kenako n'kupatsidwa choko. A Ignasio anawapatsa Sitandade 7, ana oposa zana limodzi, ndi mthunzi wa mtengo wa mbawa kuti ndiye kalasi. Anasangalala ngati wapambana mpikisano, poti chikhalire ankalakalaka kuti anthu aziwatchula kuti aphunzitsi.

Chimene chinawasokoneza mutu ndi mawu. Maphunziro a za dziko ndi mbiri yakale ankaphunzitsidwa m'Chingerezi, ndiye anawo ankangoloweza ngati nyimbo za Chilatini zakale za kutchalitchi. Ikweta, kontinenti, peninsula, empaya, koloni, zonse zinkatuluka pakamwa bwinobwino koma m'mutu mulibe kanthu. Tsiku lina a Ignasio anafunsa kuti esikapimenti n'chiyani. Kalasi yonse inaimba yankho la m'buku osaphonya liwu. Atafunsa kuti ndani anaionapo ndi maso, sipanapezeke wokweza mkono. Pamenepo n'kuti kumbuyo kwawo mapiri a Dedza ataima ngati mpanda, ndipo theka la anawo linali litakwerapo chikweza cha Khwekhwelere pa lole ya mbatata.

Tsiku limenelo anafika kunyumba atakwiya, n'kuwafotokozera akazi awo. A Fainesi sukulu anailekezera Sitandade 2. Ntchito yawo inali kulima thonje ndi kuluka mikeka ya mlaza, ndipo pakamwa pawo panali pakuthwa bwino.

"Nanga inuyo bwanji osangowauza kuti atembenuke?" anafunsa motero osasiya kuluka. "Aphunzitsi a mtundu wanji oloza m'buku chinthu chili kumsana?"

Kuyambira pomwepo a Ignasio anayamba kusaka mawu. Liwu lililonse la m'silabasi ankalifunira lina la Chichewa, kapena kachiganizo kakafupi koti mwana akamva aone chinthucho. Ena ankawapeza kwa asodzi, ena kwa oyendetsa ngolo, ena m'mutu mwawo. Koma mawu okoma kwambiri ankachokera pa mkeka wa a Fainesi. Atawaonetsa mizere ya latichudi ndi longichudi pa mapu, mayiwo anangoti, "Si lichero ili? Nsungwi zina zogona, zina zoimirira." Delita, pamene mtsinje umagawikana polowa m'nyanja, anati ndi phazi la nkhuku. Peninsula anati ndi lilime la mtunda. Empaya anati ndi ufumu wosusuka, womeza maufumu anzake. Za revolushoni anaganizira masiku awiri, kenako anati ndi pamene ng'ombe zatopa ndi chikwapu n'kuthyola goli.

Nthawi zina ankatsutsana. Pa liwu loti refuji a Ignasio anali atalemba kale kuti wothawa kwawo, monga amanenera pa wailesi. A Fainesi, amene anakhalapo ndi anthu a ku Mozambiki m'nthawi ya nkhondo, anakana.

"Ena sathawa ayi, abambo. Kwawo kumachita kuwalavula."

A Ignasio anang'ung'udza kuti mayeso sadzafunsa zimenezo, koma analemba momwemo.

Patatha zaka zisanu ndi ziwiri anali ndi makope asanu odzaza mawu amenewa. Chaka chomwecho kunabwera kalata yoti aphunzitsi opanda setifiketi ya Fomu 4 apumule, chifukwa ophunzitsidwa bwino apezeka. Panalibe zikomo, panalibe ngakhale botolo la zakumwa. Anabweza choko n'kubwerera ku burashi. Makope aja anawaika m'katoni pamwamba pa mtanda wa denga, ndipo poti mtima unali utawawa, anatha miyezi inayi osawayang'ana. Mmene ankaitsitsa katoniyo n'kuti chiswe chitamaliza kale maphunziro onse, kuyambira ku Iguputo mpaka nkhondo yachiwiri. Mvula ikakuona litsiro sikata.

Apa m'pamene a Ignasio analumbira kuti sadzakhulupiriranso pepala. Iwo ndi akazi awo anaumba njerwa, n'kuwotcha, n'kumanga nyumba ya malata. Khoma la pakhonde, lotalika mapazi asanu ndi anayi, analipaka simenti mosalala kuposa m'kati mogona. Anzawo a ku Golomoti anawachenjeza kuti mkamwini samanga ya njerwa pa dothi la eni. Iwo anaseka. A Fainesi nawo anati, "Ine ndili moyo, angakuchotseni ndani?" Onse awiri anaiwala zoti linda madzi apite ndipo uziti ndadala.

Pakati pa khomalo anajambula dziko lonse, nyanja zobiriwira, mayiko achikasu, mizinda timadontho tofiira, ikweta itadutsa pakati ngati lamba. Kumanzere ndi kumanja analemba mawu, la m'silabasi kenako la Chichewa, ndi penti ya mafuta yosachoka ndi mvula. Ntchitoyi inawatengera zaka, chifukwa mawu ena ankachita kuwakumbukira limodzilimodzi, ena n'kuwasakanso. Pomaliza analipo mazana atatu ndi khumi ndi awiri.

Iwo ankafuna kuti pa liwu lililonse lochokera kwa akazi awo alembepo dzina lawo. A Fainesi anakanitsitsa.

"Mukufuna mudzi wonse uzindiseka? Azidzati mbuli ija yayamba kuphunzitsa."

"Ndiye dindani chala, monga muja mumachitira povota."

Zimenezo anavomera. Ankadikira m'mawa anthu atapita kumunda, mayiwo n'kuviika chala chachikulu m'kachitini ka penti yofiira, n'kudinda pambali pa liwu lawo, uku akuseka kuti avotera phazi la nkhuku. Zala zimenezi zinakwana makumi anayi ndi zisanu ndi ziwiri. Anthu ankangoyesa zokongoletsa, ndipo eni ake sanauze munthu.

Loweruka lililonse khonde linkadzaza. Kunkabwera a Sitandade 8, a Fomu 2, ngakhale a Fomu 4 amene ankadzimva kuti ndi akuluakulu. A Ignasio ankaima ndi bango lalitali, kuloza Sahara, kuloza liwu, kenako kuloza mapiri enieni kapena nyanja yeniyeni. Sankalipiritsa. Wina akabweretsa chinangwa ankalandira, wina akabwera chimanjamanja ankamukhazika kutsogolo. Zinayenda choncho zaka zoposa khumi ndi zisanu. Pakhonde limenelo panatuluka anamwino, apolisi, ndi mphunzitsi mmodzi wa sekondale dzina lake Sitefano, amene a Ignasio ankamutchula paliponse ngati mwana wobala okha. Ana awoawo Mulungu anawapatsa awiri, malungo n'kuwalanda onse asanayambe kuyenda.

Chakudza sichiimba ng'oma. A Fainesi anadwala masiku asanu ndi limodzi okha m'mwezi wa Juni, n'kutsikira kuli chete. Maliro anayenda bwino, misa inachitika, anthu anameta. Zovala za malemu zinachapidwa n'kugawidwa, mkeka umene anagonera unachotsedwa, zonse monga mwa mwambo, kuti wopitayo apite ndithu. A Ignasio anatsala okha m'nyumba ya malata, ndipo anayamba kachizolowezi kamene sanauze munthu. M'mawa uliwonse, asanasukusule, ankatuluka pakhonde n'kuika chala chawo pa kadontho kamodzi ka akazi awo. Mawa lake ankaika pa kotsatira. Chala cha a Fainesi chinali chaching'ono, cha iwo chinkaphimba kadontho konse.

Mwini mbumba anali a Laisoni, mlongo wawo wa malemu. Sanali munthu woipa ayi, ndipo chopweteka n'chomwecho, chifukwa woipa umatha kumutukwana mtima n'kupepuka. Mu Okutobala anaitanitsa abale kuti amusudzule mkamwini, abwerere kwawo ali mfulu. Nyumba inkapita kwa Lucy, mwana wa mng'ono wawo wa a Fainesi, amene anali ndi mwamuna ndi khanda lokwawa. A Ignasio sanatsutse. Mwambo ankaudziwa, ndipo mwana wowayankhulira analibe. Anthu atakhala pa mikeka kutsogolo kwa khonde, iwo anapempha chinthu chimodzi chokha.

"Alamu, nyumba tengani, mipando tengani. Koma khomali musalikhudze."

"Aa, zimenezo zokha?" anayankha a Laisoni. "Khoma silipempha chakudya. Likhale, ana aziwerenga."

Lucy nayenso anavomera, n'kunena kuti iyenso Ulaya anamudziwira pomwepo. Nkhani inali itatha. Akanangoombera m'manja n'kukhala chete, bwenzi lero ndikulemba zina. Koma uphunzitsi ndi matenda, munthu safuna kusiya phunziro pamene lathera. A Ignasio anafuna kukhomerapo msomali wina kuti lonjezo lilimbe, komanso pansi pa mtima ankafuna kuti abalewo adziwe kuti mlongo wawo anali ndani.

"Ndikutero chifukwa khomali si langa ndekha," anatero. "Timadontho tofiira mukuona pambali pa mawuto ndi zala za anaBanda. Ankadinda okha. Paliponse pali chala, nzeru zake ndi zawo."

Ankayembekezera kuti anthu agwedeza mitu mwaulemu, mwina wina agwetsa misozi. M'malo mwake anthu anayang'anana. Onse anatembenukira kukhoma. Khanda la Lucy linali pakhondepo, litagwira khoma ndi manja awiri pofuna kuimirira. Mayi wake anadzuka msangamsanga, n'kulinyamula, n'kulipukuta manja ndi chitenje.

"Malume," anatero Lucy akuyang'ana pansi, "ine m'nyumba imeneyi sindigonamo."

A Ignasio anayesa kufotokoza kuti ndi penti chabe, ya m'chitini, yogula pa Mtakataka. Anakumbutsa anthu kuti onse pamenepo ndi akhristu obatizidwa. A Laisoni anapukusa mutu pang'onopang'ono.

"Tonse timapemphera, alamu. Koma taganizani. Zovala tachapa, mkeka tachotsa, tameta, kuti mnzathu apume. Ndiye lero mukutiuza kuti zala zake zatsala pakhomo, pamene mwana azikwawa? Mukanangokhala chete, ife sitikanadziwa. Tsopano tadziwa."

Wina anati bwanji angofufuta timadontho tokhato. Lucy anafunsa kuti adzadziwa bwanji kuti tatha, popeza ndi pa mapu pomwe pali timadontho tofiira. A Ignasio analumbira kuti ta pamapu ndi mizinda, Kairo, Landani, Mumbai, koma panalibe wofuna kumva za Kairo. Anagwirizana kuti khoma lonse lipakidwe njereza, ndipo mkamwini anapatsidwa sabata imodzi yolongedza.

Palibe chowawa ngati kudzipereka wekha ndi pakamwa pako. Sabata imeneyo a Ignasio sanakwiyire a Laisoni kapena Lucy, ankangodzitukwana okha. Anaimbira Sitefano kuti abwere ndi foni yake yaikulu adzajambule khoma lonse, liwu ndi liwu. Sitefano anabweradi Lachisanu pa njinga yamoto, atavala tayi, akuthamangira kumsonkhano wina. Anawagwira dzanja ndi manja awiri, n'kuwapepesa maliro.

"Koma aphunzitsi, musadandaule kwambiri," anatero. "Masiku ano zonsezi ana amazipeza pa foni. Ndiponso mayeso safunsa m'Chichewa."

Anajambula zithunzi ziwiri, zonse iye ataima kutsogolo akumwetulira, mutu wake utaphimba Afirika. Anati adzazitsukitsa n'kuwatumizira. Mpaka lero zikutsukidwabe.

Ndiye munthu amene analumbira kuti sadzakhulupiriranso pepala anapita pagolosale kukagula kope la ana asukulu. Maso anali atayamba ng'ala, dzanja linkanjenjemera, moti zilembo zija zinkaima ngati asilikali tsopano zinkayenda ngati oledzera. Anayamba ndi mawu a akazi awo, onse makumi anayi ndi asanu ndi awiri. Pambali pa liwu lililonse ankasiya kampata, ngakhale ankadziwa kuti palibe wodzadindapo. Pofika tsiku lomaliza anali atakopera mawu osakwana zana.

M'mawa wa Lolemba a Laisoni anafika ndi ndowa ya njereza, pamodzi ndi mwamuna wa Lucy atanyamula chitsache cha udzu choti apakire. A Ignasio atachiona chitsachecho mtima unawawa kuposa kale. Zaka makumi anayi akugwira burashi, ndiye khoma lawo likakwapulidwe ndi chosesera pabwalo?

"Ndipatseni ndowayo," anatero. "Ndipaka ndekha."

"Alamu, musadzivutitse."

"Ndati ndipaka ndekha."

Anatulutsa burashi yawo yaikulu imene anali atalongedza kale. Anavundula njereza, n'kuthiramo mchere pang'ono kuti igwire, monga amachitira mmisiri wodziwa ntchito. Anayambira kumwamba, kumene kuli madzi oundana, n'kumatsika. Ulaya anapita, Asiya anapita, kenako ikweta. Sanadumphe malo, sanasiye mizere. Pa mawu ankapaka pang'onopang'ono, milomo ikuwerenga chamumtima: lilime la mtunda, phazi la nkhuku, ufumu wosusuka. Anthu angapo anaima patali n'kumaonerera, ena mwa iwo ophunzira awo akale.

Njereza ili ndi khalidwe lake limene amisiri okha amalidziwa. Ikakhala yaiwisi imaoneka ngati madzi a mpunga, za pansi zimaonekera ndithu, ndipo imayera pokhapokha ikauma. Choncho atamaliza kupaka, dziko lonse linkaonekabe mwa chizimezime, ndipo zala zija zinkaoneka bwino kuposa china chilichonse. Lucy anasendera ali ndi mwana kumbuyo.

"Koma zikuonekabe," anatero.

"Dikirani liume, mayi," anayankha a Ignasio.

Anatsuka burashi, n'kukhala pa mpando pansi pa mtengo wa nimu moyang'anizana ndi khonde. Katundu anali atamangidwa kale pa njinga, koma sananyamuke. Dzuwa la Okutobala kuchigwa kuno silichedwa pa ntchito. Khoma linayamba kuyera kuchokera kumbali ya kum'mawa, ndipo zala zinayamba kuzimirira chimodzichimodzi. Iwo ankawerenga zotsala. Makumi atatu. Khumi ndi ziwiri. Zisanu. A Laisoni anawabweretsera madzi m'kapu, iwo sanaione n'komwe.

Chomaliza chinali pansi pakona, pamene mthunzi wa chipilala unkachedwetsa kuuma. Chinali cha pa liwu lija anakanganirana, la munthu amene kwawo kwamulavula. A Ignasio anadzuka, n'kupita kukagwada pakonapo. Anatambasula dzanja kuti aikepo chala monga mwa masiku onse, koma anakumbukira kuti njereza yaiwisi imasunga chidindo, ndipo eni nyumba angayambenso kuopa. Anabweza dzanja n'kungoyang'ana mpaka kufiira konse kutatha.

A Laisoni anayendera khomalo kuyambira uku mpaka uko, n'kugwedeza mutu.

"Dzanja lanu silinakalambe, alamu. Mwapaka bwino."

Kenako anawapatsa kandalama kachitsulo ka mwambo, n'kunena mawu owamasula, kuti mbumba ilibe nawo mangawa ndipo akhoza kukwatira kulikonse kumene angafune. A Ignasio analandira ndi manja awiri, n'kuthokoza, poti ulemu sanausiye. Burashi anaisiya pakhonde.

Lero ali ku Golomoti, m'kanyumba ka udzu kuseri kwa nyumba ya mwana wa mlongo wawo, ndipo kumeneko amangowadziwa ngati agogo ena ake osaona bwino. Kope lija amalisunga m'jumbo, jumboyo m'chitini, kuopa chiswe. Ndinawafunsa ngati anabwererako kumudzi kuja. Anati ayi, kuona anaonera tsiku lomwelo. Akuti anakankha njinga osakwera mpaka panjanji, ndipo ali pamenepo anacheuka kamodzi. Nyumbayo inali itayera mbee pakati pa milambe, yokongola kuposa zonse m'mudzimo.